Galu wamkulu wotoledwa akukana kumvera: koyambira kufufuza vuto

Mwezi sutha popanda wina kundiimitsa, kaya potuluka m'tchalitchi kaya pamzere wa pamjigo, ndi dandaulo lomwelomwelo. Wina anatenga galu wamkulu ku SPCA, bungwe losamalira nyama zotayidwa ndi zozunzidwa, wina anamusiyira ndi abwana amene anasamukira kunja, wina anangomutola ali mafupa okhaokha chakumsika ku Mbare, kuno ku Harare. Onse mawu ndi amodzi: "Achimwene, galu ameneyu ngwamakani, samva." Ndagwira ntchito m'mayadi a ku Highlands ndi Greendale zaka zoposa 20, agalu a eni ndikusamala ndine, ndipo kwathu ku Mufakose ndili ndi wanga, Jeki, amene ndinamutenga ali kale ndi imvi kukamwa. Pakamwa patopa ndi kubwereza mayankho, ndiye ndawalemba apa.

Ambiri amayamba ndi kundiponyera mwambi wakuti kuwongola mtengo m'poyamba. Pa galu mwambiwu sugwira kwenikweni. Galu wa zaka 6 amaphunzira, mwinanso msanga kuposa kamwana, poti iye amatha kukhazikika. Chovuta n'chakuti amafika ndi katundu wake: mawu amene anazolowera kwa mbuye wakale, mantha amene gwero lake simunalione, ndi thupi lomwe mwina likuwawa penapake. Pa agalu onse amene anthu anandibweretsera akuti ngamakani, nditafufuza ndinkapeza kuti galuyo sakumvetsa, akuopa, kapena akudwala. Pansi pa chizindikiro chilichonse ndasanja zifukwa kuyambira chimene ndimakumana nacho kawirikawiri.

## Zoyamba kukonza musanaimbe mlandu galu

- Mphotho: tizidutswa tating'ono ngati njere ya chimanga ta chiwindi chophika, nthutumba za nkhuku, kapena matemba otsukidwa kuti mchere uchoke. Anyezi, adyo, chokoleti, mphesa ndi mafupa ophika a nkhuku, ayi.
- Nthawi: mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu patsiku, asanadye.
- Liwu lomuuza kuti wakhoza: ine ndimati "Eya!" pa nthawi yeniyeniyo imene wachita chinthucho, kenako kanyama.
- Khadi la katemera wa chiwewe. Ngati galu munangomutola ndipo khadi palibe, yambani mwapita naye kwa dokotala wa ziweto. Manja anu akhala ali pafupi ndi mano ake tsiku ndi tsiku.

## Sakuyang'anani, kanyama sakafuna, amangobisala

1. Sanazolowere pakhomo. Anthu osunga agalu otayidwa amakonda kunena za masiku 3, masabata 3 ndi miyezi 3: masiku oyamba galu amakhala wosokonezeka, pakatha masabata angapo amayamba kudziwa kayendedwe ka pakhomo, ndipo pamatenga miyezi kuti adzimve kuti ndi wa pano. Si lamulo, ndi kuyerekeza chabe, koma kumathandiza kuti mtima ukhale m'malo. Muyeseni motere: siyani chakudya madzulo, chokanipo. Mukapeza m'mawa mbale ili mbee, galuyo ali ndi njala koma akuopa kudya muli pomwepo. Musamuphunzitse kanthu sabata imeneyo. Mupatseni chakudya nthawi imodzimodzi, khalani pampando chapatali mutamulozetsa mbali, osati nkhope, muzimuponyera tizidutswa osalankhula. Ana a oyandikana nawo nyumba amene akudzaunjikana pageti kudzaona galu watsopano, abwezeni.

2. Wakhuta. Mbale ya nsima ndi msuzi ikangokhala pakhonde tsiku lonse, chiwindi chanu alibe nacho ntchito. Ikani chakudya, pakatha mphindi 15 chotsani.

3. Dzina silikumukhudza. Mwina mwamupatsa latsopano, mwina lakale ankalimva pokhapokha akamakalipiridwa. Tchulani dzinalo kamodzi, akangotembenuza mutu, "Eya!", kanyama. Chitani kakhumi, pumulani. Dzina lakale ngati likumupangitsa kufwamphuka kapena kugwetsa makutu, litayeni, galu sadandaula kusinthidwa dzina.

4. Akudwala. Galu wamkulu akatha masiku 2 osadya chilichonse, si nkhani ya kuphunzitsanso. Pitani kwa dokotala.

## Mukati "khala" amangoima n'kumakuyang'anani

1. Liwulo sakulidziwa. Ili ndiye vuto lathu la mu Harare, ndipo ndi limene anthu amaliiwala kwambiri. Galu amene anakulira ku Borrowdale anaphunzira "sit". Wa ku Highfield mwina ankamva "gara pasi". Wa mumsewu liwu lokhalo limene munthu anamuuzapo ndi "futseki". Afika kwanu, bambo akuti "khala pansi", mayi akuti "khala", adzukulu amene Chishona ndiye chili pakamwa akuti "gara", wa lendi wa kuseri akuti "sit". Galu mmodzi, malamulo anayi, chinthu chimodzi. Ngakhale munthu angaime n'kumangophethira.

Muyeseni ndi liwu lililonse kamodzi, mofatsa, mukupumira pakati. Kenako yesani osalankhula, kungokweza dzanja chikhatho chili m'mwamba. Agalu amawerenga manja ndi thupi kuposa mawu, ndipo ambiri amene anaphunzitsidwapo amakumbuka chizindikiro cha dzanja. Likapezeka liwu limene akulidziwa, gwiritsani lomwelo, ngakhale likhale la Chingerezi. Palibe mphotho imene mudzalandire chifukwa chakuti galu wanu amamva Chichewa.

Ngati sakudziwa lililonse, yambani pachiyambi. Kanyama pakati pa zala, pafupi ndi mphuno yake, kwezani pang'onopang'ono kulowera kumsana kudutsa pamutu. Mphuno ikamatsatira m'mwamba, matako amatsika okha. Akangokhudza pansi, "Eya!", mpatseni. Musatchule lamulo lililonse mpaka atachita zimenezi kasanu motsatizana. Apo ndiye muyambe kunena "khala" kamodzi dzanja lisanasunthe. Gwirizanani pakhomo liwu limodzi, lembani pachitseko cha kukhitchini ngati kuli kofunika.

2. Mukubwereza. "Khala, khala, khala iwe, KHALATU!" Galu amaphunzira kuti lamulo ndi phokoso lonselo, ndiye amadikira lithe. Nenani kamodzi, werengani mumtima mpaka 3. Akapanda kuchita, musakalipe, bwererani ku dzanja.

3. Mphotho ikuchedwa. Galu amalumikiza mphotho ndi chimene wachita sekondi imodzi kapena ziwiri zapitazo. Mukamafufuza m'thumba iye atadzuka kale, mwamulipira chifukwa chodzuka.

4. Mukumuweramira kapena kumukankha msana. Kwa galu amene anamenyedwapo, munthu woweramira pamwamba pake ndi chiopsezo. Ndipo mukakankha matako, thupi lake limalimba n'kumakankhira m'mwamba. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Imani chammbali, dzanja lichoke pamsana.

5. Pansi sipali bwino. Matailosi amaterera, simenti ya pakhonde mu June ndi July imazizira ngati madzi a mufiriji, mu October imawotcha. Yalani chiguduli muone ngati zisintha.

6. Chiuno kapena mawondo akuwawa. Agalu akuluakulu monga German Shepherd, Boerboel ndi Rottweiler amavutika ndi mfundo za m'chiuno akamakula. Zizindikiro zake: amakhala chopendekera mwendo umodzi atautaya kumbali, amachedwa kudzuka m'mawa, amazengereza kukwera sitepe. Apa imani. Musamupatse mapiritsi anu a ululu, ibuprofen imawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo paracetamol popanda mlingo wa dokotala ikhoza kumupha.

"Gona" amaphunzitsidwa chimodzimodzi: ali chikhalire, tsitsani kanyama kuchoka pamphuno kufika pansi pakati pa mapazi ake akutsogolo, kenako kokerani kwa inu pang'ono. Galu wamantha amachedwa pa limeneli chifukwa wogona sathawa msanga. Mulipireni ngakhale atangotsitsa mutu, mawa chigongono, mkuja thupi lonse.

## Kukhitchini amamvera, pageti ngati sakudziwani

1. Anaphunzira "khala wa kukhitchini". Galu satenga phunziro la malo ena n'kupita nalo kwina mwa iye yekha. Phunzitsaninso kuyambira pachiyambi pakhonde, kenako kuseri kwa nyumba, kenako pageti lili lotseka, kenako mumsewu m'mawa kwambiri. Malo achitatu ndi achinayi amafulumira.

2. Zosokoneza zachuluka. Nkhuku za aneba, ana oweruka kusukulu, kombi (minibasi) yoimba hutala. Muyeso wake ngosavuta: muonetseni chiwindi. Akachikana panja pamene m'nyumba amachilandira, mwayandikira kwambiri chimene chikumusokoneza. Bwererani m'mbuyo mpaka pamene ayambenso kudya, yambirani pamenepo.

3. Wamuphunzitsa ndi munthu mmodzi. Aliyense wa pakhomo achiteko mphindi zake.

## Amamvera pokhapokha aone nyama m'manja

Cholakwa ndi chanu, ndipo n'chosavuta kukonza. Mwachedwa kuchotsa kanyama m'dzanja lolozera. Akachita bwino kakhumi, lozerani ndi dzanja lopanda kanthu, mphotho ichokere m'thumba kapena m'mbale imene ili pawindo. Akazolowera, muzimulipira mwa apo ndi apo osamuuza liti, nthawi zina chiwindi, nthawi zina kumutsegulira chitseko kapena kumuponyera mpira. Musasiyiretu. Ndani amapitiriza ganyu malipiro atatha?

## Mukamuitana sabwera

Pano ndikhalitsapo, chifukwa "khala" akalephereka palibe amafa, koma "bwera" akalephereka galu amathera pansi pa kombi.

1. Liwu lakuti "bwera" munaliipitsa. Taganizani nthawi zimene mumamuitana: kudzamumanga, kudzamusambitsa mankhwala a nkhupakupa, kudzamutsekera chifukwa kwabwera alendo, kapena kudzamulanga chifukwa wafukula bedi la repu. Choipitsitsa ndi ichi: wathawa, mwamuitana theka la ola, pomaliza wabwera, inu n'kumukwapula. M'mutu mwake mwamulanga chifukwa chobwera. Muyeso: itanani muone thupi. Akagwetsa makutu, kunyambita milomo, kapena kuyenda chozungulira osakufikani, liwulo linafa. Sankhani latsopano, "kuno" kapena mluzu. Yambani muli pamtunda wa masitepe awiri m'nyumba, akafika gwirani lamba wa m'khosi mofatsa, mpatseni zokoma kuposa za malamulo ena onse, kenako mumasuleni apite. Kumumasulako n'kofunika. Pa maulendo khumi amene mwamuitana, asanu ndi anayi azibwerera kukasewera. Mukafuna kumuchita chimene sakonda, musamuitane, pitani mukamutenge.

2. Thupi lanu likumuthamangitsa. Alangizi ambiri amati gwadani kapena weramani kuti galu abwere. Kwa galu wa m'misewu yathu zimenezo zimatanthauza china: munthu akawerama akutola mwala. Jeki masabata oyamba ndinkati ndikangowerama kumanga nsapato, iye ali kale kuseri kwa thanki. Galu wotere mukhalireni pasitepe musanamuitane, mutembenukire kumbali, manja aoneke kuti mulibe kanthu. Ndipo musamuthamangitse, miyendo inayi simungaipose. Thawani ndinu kulowera kwina mukuomba m'manja, ambiri amatsatira.

3. Mwamumasula msanga. Galu amene sanathe miyezi ingapo pakhomo asachoke pachingwe kunja kwa mpanda. Pezani chingwe chachitali cha mamita 5 mpaka 10, mangirirani pa lamba wa pachifuwa, osati m'khosi, yesererani padambo kapena pabwalo lopanda anthu. Itanani kamodzi. Akapanda kubwera, musamukoke ngati mbuzi, yendani motsatira chingwe mpaka mumufike, kenako fupikitsani mtunda. Onaninso geti. Kwathu galu ankatuluka nthawi imodzi yokha, ana akamatuluka ndi wilibala ya zigubu kupita kumjigo. Tinagwirizana kuti wotsegula geti ayambe waona kuti galu ali kuti. Malamulo a khonsolo ya mzinda salola galu kumangoyendayenda mumsewu, ndipo akaluma munthu kunjako mlandu ndi wanu.

4. Kunja kuli zokoma kuposa inu. Mulu wa zinyalala pakona, kapena galu wamkazi amene ali pa nyengo yake. Wamphongo wosathena amamva fungo lake patali ndipo amalumpha ngakhale mpanda wa simenti. Kuthena kumachepetsa kuyendayenda kotere, a SPCA ndi madokotala a ziweto amachita ntchitoyi, koma sikuphunzitsa galu kubwera. Kuphunzitsako kudakali kwanu.

5. Ndi mlenje. Agalu ena anabadwira kuthamangitsa. Rhodesian Ridgeback, amene ndondomeko ya mtundu wake inalembedwa ku Bulawayo mu 1922, ankagwiritsidwa ntchito posaka nyama zazikulu, ndipo agalu athu akumudzi oonda miyendo aja ambiri ndi osaka akalulu. Wotere akaona mphaka kapena nkhanga makutu amatseka. Mungamuwongolere ndithu, koma ena sadzafika podalirika opanda chingwe, ndipo kuvomereza zimenezo si kulephera.

6. Sakumva. Galu wokalamba amagontha pang'onopang'ono. Ali chigonere kapena atayang'ana kwina, gwedezani makiyi kapena gogodani mbale yake muli kumbuyo, chapatali kuti asamve mphepo kapena kugunda kwa pansi. Makutu akapanda kusuntha, kapena ngati amapukusa mutu, kukanda khutu, ndipo m'khutumo mukununkha, dokotala amuone. Galu wogontha amaphunzira bwinobwino ndi zizindikiro za manja, koma chingwe ndi cha moyo wake wonse, ndipo musamudzidzimutse ali m'tulo.

## Mukati "dikira" amadzuka musanatembenuke

Pafupifupi nthawi zonse mwafulumira. Pali zinthu zitatu zimene zimakula padera: nthawi, mtunda, ndi zosokoneza. Yambani ndi masekondi 2 muli pomwepo, kenako 5, kenako 10. Akafika theka la mphindi, bwererani ku masekondi ochepa koma musunthe sitepe imodzi. Mphotho muzimupititsira pamene wakhalapo, chifukwa mukamuitana kuti adzalandire, mukumulipira kudzuka. Chachiwiri, mwina alibe liwu lomumasula, ndiye amadzimasula yekha. Sankhani "basi" kapena "pita", muzilinena nthawi zonse. Chachitatu, galu amene anatayidwapo amaopa kuona msana wanu ukuchoka. Ngati amalira, kukanda chitseko kapena kudzipweteka mukachokapo, limenelo ndi vuto lina lalikulu, ndipo likufunika katswiri.

## Chingwe: wina amakoka, wina amagona pansi

Awa ndi mavuto awiri osiyana, musawasakanize.

Wokoka:

1. Kukoka kumamufikitsa kumene akufuna. Chingwe chikangolimba, imani ngati chitsa. Chikakhwefuka, yendani. Ulendo woyamba mwina simufika ngakhale pa okala ya pakona, aneba azikusekani, piriranitu.
2. Mphamvu zamuchulukira chifukwa amakhala womangidwa tsiku lonse. Sewerani naye m'yadi musanatuluke, ndipo panjira muzimulola kununkhiza.
3. Tcheni chothina m'khosi. Chimapweteka kholingo koma kukoka sikutha. Lamba wa pachifuwa wokhala ndi ngowe kutsogolo amathandiza kwambiri. Waya kapena chingwe cha nayiloni chopyapyala, chotsani lero.

Wogona pansi kapena wonjenjemera:

1. Chingwe kwa iye ndi tcheni chimene anakhalapo zaka, kapena chikwapu. Siyani chingwecho pansi pafupi ndi mbale yake masiku angapo. Kenako mukoleni kamphindi akudya, masulani. Kenako achikoke yekha m'yadi inu mukuona. Musamuguze.
2. Phula latentha. Mu October ndi November ikani kumbuyo kwa dzanja pamsewu masekondi 5, mukalephera kupirira ndiye kuti mapazi ake akupsa. Yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.
3. Bala lobisika. Pisani zala pansi pa ubweya wa m'khosi ndi m'khwapa. Nyengo ya mvula yang'ananinso zotupa zokhala ndi kabowo pakati, zija za mphutsi za ntchentche zimene zimaikira mazira m'dothi lonyowa ndi pa zogonera.

## Ankamvera bwinobwino, tsopano wasintha

1. Pakhomo mwalekerera. Sukulu zatsekera, kwabwera adzukulu, aliyense akumupatsa lamulo lake ndi nyenyeswa za patebulo. Bwererani ku mphindi 5 zija sabata imodzi.

2. Nyengo ya mantha. Mvula ikayamba cha mu November ndi mabingu ake, komanso makombola a pa Chaka Chatsopano, agalu ambiri amasokonezeka ngakhale mitambo isanachite mdima. Galu wonjenjemera saphunzira. Mpatseni malo obisala m'nyumba kapena m'galaja, tsekani geti bwino chifukwa masiku amenewa ndi amene agalu ambiri amasowa.

3. Matenda a nkhupakupa. Ndawaika pachitatu chifukwa cha kuchuluka, koma muziyamba kuyang'ana amenewa popeza amapha. Madokotala kuno amawatcha biliary, ndipo amavuta kwambiri nyengo yotentha ndi ya mvula. Galu amafooka, amakana chakudya, thupi limatentha. Kwezani mlomo wake muone nkhama: zikhale zofiirira, osati zotuwa kapena zachikasu. Mkodzo ukhoza kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kutentha kwa thupi la galu wabwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2. Mukaona zizindikirozi pitani kwa dokotala tsiku lomwelo, musati tione mawa. Ndinaonapo munthu akukalipira galu kuti wayamba ulesi pa "bwera" pamene magazi anali akutha m'thupi.

4. Ukalamba. Maso achita khungu, makutu agontha, nyamakazi yalowa. Chepetsani zimene mukumupempha.

5. Chiwewe. Sichichitika kawirikawiri kwa galu wobayidwa katemera, koma m'dziko muno chilipo. Galu wofatsa akalusa mwadzidzidzi, kapena wolusa akafatsa modabwitsa, akutuluka dovu, akulephera kumeza, kulira kwake kwasintha, musamugwire, musapise dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwa fupa. Mutsekereni, chotsani ana, itanani a za ziweto a boma kapena dokotala.

## Akudzuma, akuonetsa mano, kapena waluma: apa imani

Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo sadzumanso pachabe. Kudzuma ndi chenjezo, galu akukuuzani kuti mwafika pamalire. Mukamumenya chifukwa chodzuma, mantha ake satha, chimene chimatha ndi chenjezolo. Tsiku lina adzaluma osanena. Ndiye akadzuma, imani, bwererani m'mbuyo mwakachetechete, kenako ganizani chimene chinachitika.

Zifukwa zake, kuyambira chofala:

1. Mantha: dzanja lobwera pamutu, munthu wonyamula tsache, ndodo kapena chikwanje, kupanikizidwa pakona.
2. Kuteteza chakudya kapena fupa. Galu amene anagonapo ndi njala sakhulupirira kuti mawa kudzakhala china. Adyere payekha, ndipo musamulande mbale pofuna kumuonetsa kuti mwini nyumba ndinu.
3. Ululu: amadzuma mukakhudza malo amodzi okha.
4. Anaphunzitsidwa dala ukali ndi mbuye wakale, uja ankamutsekera mumdima kapena kumuputa kuti akhale mlonda woopsa.

Asanadzume amayamba waonetsa zina: kuyasamula pamene alibe tulo, kunyambita mphuno, kutembenuza mutu koma diso loyera likukuyang'anani, kupanira mchira pakati pa miyendo, ndi kuuma thupi lonse kuti gwa. Kuumako ndiye komaliza. Aphunzitseni ana kuzindikira zimenezi, ndipo mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu watsopano ngakhale kamphindi kopita kukatunga madzi.

Siyani kuphunzitsa nokha, funani dokotala wa ziweto kapena katswiri wa khalidwe la agalu ngati:

- waluma munthu mpaka kutuluka magazi, ngakhale kamodzi;
- amauma thupi kapena kudzuma akaona mwana;
- amalusira agalu ena mwakuti simungathe kumugwira pachingwe;
- ukali wayamba mwadzidzidzi kwa galu amene anali wofatsa;
- patha mwezi wathunthu akubisalabe ndipo sakulandira chakudya m'manja;
- inu mwini mwayamba kumuopa.

Yambani ndi dokotala kuti aone ngati palibe chikuwawa. Amene anatenga galu ku SPCA kapena ku Friend Animal Foundation, bungwe lina losunga agalu otayidwa, bwererani komweko mukafunse, iwo anamuona galuyo asanabwere kwanu ndipo akhoza kukulozerani wophunzitsa. Ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kulinso sukulu ya madokotala a ziweto. Popita tengani khadi la katemera, ndipo ngati mungathe popanda kuika munthu pangozi, kavidiyo ka pafoni koonetsa zimene galu amachita, chifukwa pamaso pa dokotala ambiri amasanduka nkhosa.

Wophunzitsa agalu mufunseni funso limodzi musanamupatse ndalama: "Galu akalakwitsa mumatani?" Akayankha za kumugwetsa chagada, kumupachika pa tcheni, kapena lamba wa magetsi, muthokozeni apite. Samalaninso ndi amene amati mubweretseni, mudzamutenge pakatha masabata awiri atasintha. Galu adzamvera iyeyo pabwalo lake, kwanu adzapeza malamulo anayi aja akumudikira.

Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kukiliniki tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Galuyo musamuphe kapena kumutaya, mutsekereni ndipo dziwitsani a za ziweto, chifukwa amafuna kumuyang'anira masiku 10 kuti aone ngati ali ndi chiwewe. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka mwa munthu, mankhwala palibe.

Pali zina zimene ndinalephera. Jeki amakhala, amagona, amadikira pageti ana akutuluka ndi zigubu, ndikaimba mluzu amabwera ngakhale ali kudambo. Koma paipi ya madzi, kaya anamuchita nayo chiyani kumene anachokera. Ndinayesa kuisiya pansi pafupi ndi mbale, ndinayesa chiwindi miyezi itatu. Mpaka lero ndikangoigwira kuti ndithirire masamba, iye amanyamuka mwakachetechete kukagona kuseri kwa thanki. Ndimamusambitsa ndi ndowa ndi kapu.